Nambala ya maziro 14: kodi 100 thiriliyoni ndi yamtundu wanji?

Mu Januwale 2009 banki yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Zimbabwe, inatulutsa ndalama ya pepala yolembedwa 100,000,000,000,000. Kumaso kwake kunali miyala yosanjikizana ya ku Chiremba, ku Epworth, pamodzi ndi siginecha ya gavanala wa nthawiyo, Gideon Gono. Kumbuyo kunali mathithi a Victoria Falls ndi njati. Za ndale ndi za chuma zimene zinabala pepala limeneli tazikamba mokwanira m'makombi, pamaliro ndi pamizere ya kubanki. Chimene sitikamba kawirikawiri ndi nambala yeniyeniyo. Tikaichotsa papepalapo, n'kuiwala kaye za dola, imatsala nambala yotani?

Funsoli si lachibwana. Anthu a masamu amafunsa nambala mbiri yake monga momwe timachitira ife tikakumana ndi wolankhula Chichewa ku Mufakose kapena ku Mabvuku mumzinda wa Harare. Msinkhu wake timauona ndi maso, koma chimene timafuna kumva ndi kumudzi kwawo, mfumu yawo ndi mfunda wawo. Nambala nayo ili ndi makolo, ili ndi mabanja amene imalowamo ndi ena amene amaikana. Ndipo mukaifunsa bwino 100 thiriliyoni, mupeza kuti chilombo chimene chinkatiopsa chija, m'masamu ndi imodzi mwa manambala ofatsa kwambiri.

Tiyambe ndi kukula kwake, chifukwa mutu wa munthu sukugwira msanga. Mutati muziwerenga nambala imodzi pa sekondi iliyonse, osagona, osadya, mungafike pa miliyoni pakatha masiku 11 ndi theka. Biliyoni ingakutengereni zaka pafupifupi 32. Kuti mufike pa 100 thiriliyoni pangafunike zaka zoposa 3 miliyoni. Nambalayi ili ndi madijiti 15: kamodzi kutsogolo, maziro 14 pambuyo. Mwachidule imalembedwa 10¹⁴, kutanthauza ma 10 okwana 14 ochulukitsidwa pamodzi.

Kalembedwe kachiduleka n'kodalirika kuposa dzina, pakuti dzinalo silofanana padziko lonse. Ku Zimbabwe, ku Malawi ndi ku America biliyoni ili ndi maziro 9, thiriliyoni 12. Ku Portugal, ku Germany ndi ku France biliyoni ndi imene ili ndi maziro 12, moti nambala yathuyi kumeneko amaitcha 100 biliyoni. Boma la Britain nalonso linkawerenga choncho mpaka 1974 pamene linasintha. Ndiye pamene dziko la Hungary mu 1946 linatulutsa ndalama ya pepala ya 100 miliyoni biliyoni pengő, nambala yake inali ya maziro 20, yoposa yathuyi kuwirikiza miliyoni. Iwo anangolemba ndi mawu, maziro sanawasindikize. Ife tinawaona ndi maso onse 14, n'chifukwa chake pepala lathu linatchuka.

Makolo ake ndi awiri okha

Nambala iliyonse yathunthu yoposa 1 ili m'gulu limodzi mwa awiri. Ilipo imene sigawika ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe, monga 2, 3, 5, 7, 11, 13. Imeneyi kusukulu timaitcha prime. Ina yonse imapangidwa pochulukitsa ma prime. 12 ndi 2 × 2 × 3. 90 ndi 2 × 3 × 3 × 5. Chofunika kwambiri n'chakuti njira yake ndi imodzi yokha: mungayambire kulikonse poiphwanya nambala, mudzathera pa ma prime omwewo, aliyense kangapo komweko. Mfundoyi maziko ake ali kale m'zolemba za Euclid wa ku Alexandria, zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe, ndipo Carl Friedrich Gauss anailemba momveka ndi umboni wake mu 1801.

Tsopano phwanyani yathuyi. 10 ndi 2 × 5. Ma 10 alipo 14, ndiye kuti muli ma 2 okwana 14 ndi ma 5 okwana 14. Basi. Ma 2 onsewo mukawachulukitsa amapereka 16,384, ma 5 amapereka 6,103,515,625, ndipo awiriwa mukawachulukitsa mumabwerera pa 100 thiriliyoni ndendende. Mulibe 3, mulibe 7, mulibe 11. Mwana wa Fomu 1 angathe kuiphwanya pamtima, pamene nambala yaing'ono ngati 8,149 ingamutuluse thukuta asanazindikire kuti ndi 29 × 281.

Zotsatira zake zimaoneka pogawana. Anthu awiri, anayi, asanu, asanu ndi atatu, khumi, 16, 20, 25 angagawane 100 thiriliyoni popanda chotsala. Anthu atatu sangathe, pamatsala 1. Anthu 6 pamatsala 4, anthu 7 pamatsala 2, anthu 9 pamatsala 1, anthu 11 pamatsalanso 1, anthu 12 pamatsala 4. Msungichuma wa bungwe lothandizana pamaliro amadziwa bwino vuto limeneli: ndalama yooneka yozungulira bwino, 100 kapena 1,000, ndi imene imakana kugawika patatu.

Kodi manambala onse amene amalowa mu 100 thiriliyoni popanda chotsala ndi angati? Palibe chifukwa chowayesa imodziimodzi. Nambala yolowamo iyenera kupangidwa ndi ma 2 ndi ma 5 okhaokha. Ma 2 mungathe osatengako, kapena kutenga mmodzi, awiri, mpaka 14: njira 15. Ma 5 chimodzimodzi, njira 15. 15 × 15 ndi 225. Ndiye nambala ya madijiti 15 ili ndi manambala oigawa 225 okha.

Kuti muone kuchepa kwake, yerekezani ndi 720,720, imene ili ndi madijiti 6 okha. Iyo ndi 2 × 2 × 2 × 2 × 3 × 3 × 5 × 7 × 11 × 13, ndipo mwa njira yomweyi ili ndi manambala oigawa 240. Nambala iliyonse kuyambira 1 mpaka 16 imalowamo. Palibe nambala yocheperapo imene ili ndi oigawa ochuluka chotero, ndipo manambala amtundu umenewu anawafufuza Srinivasa Ramanujan wa ku India mu 1915. Kuchuluka kwa oigawa kumadalira kusiyanasiyana kwa ma prime amene ali mkati, osati kutalika kwa nambala. Apa m'pamene ndimaona kuti ophunzira ambiri amasochera: amaganiza kuti nambala ikakula, zonse za iyo zimakula nayo.

Mwina mwaona kuti 225 sigawika ndi 2. Si mwangozi. Manambala ogawa nambala ina amayenda awiriawiri: mu 12 muli 1 ndi 12, 2 ndi 6, 3 ndi 4. Aliyense ali ndi mnzake, ndiye chiwerengero chawo chimagawika pawiri. Zimasintha pokhapokha pakakhala mmodzi amene mnzake ndi iye mwini, monga 6 mu 36. Nambala yotere ndi sikweya, nambala yochulukitsidwa ndi iyo yomwe. 100 thiriliyoni ndi 10,000,000 × 10,000,000. Amwenye a m'masitolo amene amawerenga ndi crore, imene ndi 10 miliyoni, anganene kuti ndi crore ya ma crore. Ili sikweya chifukwa 14 amagawika ndi 2. Si kyubu, chifukwa 14 sagawika ndi 3: palibe nambala yathunthu imene mungaichulukitse katatu n'kupeza yathuyi. Koma 14 amagawika ndi 7, choncho ma 100 okwana 7 ochulukitsidwa pamodzi amaipereka. Mafunso onsewa yankho lake lili mu 14, osati m'mathiriliyoni.

Palinso kanthu kena kosangalatsa. Amisiri omanga nyumba akafuna kuti kona iwongoke amayeza 3 mbali imodzi, 4 mbali inayo, ndipo chingwe chodutsa pakati chikakwana 5 amadziwa kuti zili bwino, pakuti 9 kuphatikiza 16 ndi 25. Chulukitsani zonse ndi 2 miliyoni: sikweya ya 6,000,000 kuphatikiza sikweya ya 8,000,000 ndi 36 thiriliyoni kuphatikiza 64 thiriliyoni, ndiye 100 thiriliyoni. Si nambala iliyonse imene ingalembedwe ngati masikweya awiri ophatikizidwa. 3, 7 ndi 21 sangatheke. Yathuyi imatheka m'njira 7 zosiyana, osawerengera yoika ziro, ndipo amene amachititsa zimenezi ndi 5, yemwe payekha ndi 1 kuphatikiza 4.

Osefukira, operewera ndi okwana

Kagawidwe kamene ndimakakonda ndi kakale kwambiri. Cha m'ma 100 Yesu atabadwa, Nicomachus wa ku Gerasa anaika manambala m'magulu atatu. Tengani manambala onse ogawa nambala yanu, kusiyapo iyo yomwe, muwaphatikize. Akaperewera, nambalayo ndi yoperewera: 10 ali ndi 1, 2, 5, zimene zimakwana 8. Akapitirira, ndi yosefukira: 12 ali ndi 1, 2, 3, 4, 6, zimene zimakwana 16. Akakwana ndendende, ndi nambala yokwana, imene m'mabuku a sukulu amati perfect number: 6 ndi 1 + 2 + 3, ndipo 28 ndi 1 + 2 + 4 + 7 + 14.

Pa 100 thiriliyoni simufunika kuphatikiza onse 224. Theka lake ndi 50 thiriliyoni, gawo limodzi mwa anayi ndi 25, mwa asanu ndi 20, mwa khumi ndi 10. Anayi okhawa afika kale pa 105 thiriliyoni. Yasefukira. Wofuna chiwerengero chonse, ndi 149,992,370,597,277. Ndipo chifukwa chake n'chapafupi: 20 ndi yosefukira, pakuti 1 + 2 + 4 + 5 + 10 ndi 22, ndipo nambala iliyonse imene 20 amalowamo imatengera khalidwe lomwelo.

Manambala okwana ndi osowa modabwitsa. Kuyambira pa 1 mpaka pa 100 thiriliyoni alipo 7 okha: 6, 28, 496, 8,128, 33,550,336, 8,589,869,056 ndi 137,438,691,328. Wotsatira ali ndi madijiti 19. Onse amene anapezeka mpaka lero amagawika ndi 2. Ngati ilipo nambala yokwana yosagawika ndi 2, palibe amene waipeza, ndipo palibenso amene wapereka umboni wakuti kulibe. Funso limene mungalifotokozere mwana wa Giredi 6 pa mphindi zisanu lakanika akatswiri kwa zaka mazana ambiri.

Pali mayina ena amene mudzawapeza pa intaneti mukafufuza nambala iliyonse, mndandanda wautali wa magulu. Ena ndi olemera, ena ndi ongosekera. Mwachitsanzo, mphunzitsi wina wa ku India, D. R. Kaprekar, anatcha Harshad nambala imene imagawika ndi chiwerengero cha madijiti ake ophatikizidwa. 18 ndi yotero, chifukwa 1 + 8 ndi 9, ndipo 9 amalowa mu 18. Yathuyi madijiti ake akaphatikizidwa amapereka 1, ndiye imalowa m'gululi ulele. Ulemu wotere sutiuza kanthu.

Koma Harshad amatithandiza kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene zimasokonezedwa. Pali makhalidwe a nambala yeniyeniyo, ndiponso pali makhalidwe a kalembedwe kake. Kukhala sikweya, kukhala prime, kukhala ndi oigawa 225, kusefukira, zonsezi sizisintha ngakhale muilembe m'njira yotani. Koma maziro 14 aja, kuzungulira kumene kumatikopa maso, kumachokera kwa ife. Timawerenga m'makumi chifukwa tili ndi zala khumi, ndipo Chichewa chimaonetsa zimenezi poyera: tikafika pa zisanu dzanja latha, timayamba zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, mpaka khumi. Tikanakhala ndi zala 7, n'kumawerenga m'magulu a 7, nambala yomweyi ikanathera ndi 2 ndipo palibe akanaicheukira. A ku Babulo ankawerenga m'magulu a 60, ndipo ndi kwa iwo kumene tinatengera mphindi 60 pa ola.

Oyandikana nayo

Chotsani 1 yekha, zonse zisintha. 99,999,999,999,999 sagawika ndi 2 kapena 5. Kuiphwanya kumafuna kachenjerero kamene ophunzira a O Level amakadziwa: sikweya kuchotsera 1 ndi chimodzimodzi kuchulukitsa manambala awiri oyandikana ndi muzu wake, nambala ija imene inachulukitsidwa ndi iyo yomwe, monga 36 (muzu wake 6) kuchotsera 1 ali 5 × 7. Apa ndiye 9,999,999 × 10,000,001. Yoyambayo ndi 3 × 3 × 239 × 4,649. Yachiwiriyo ndi 11 × 909,091. Onsewa ndi ma prime. Onjezani 1 m'malo mochotsa, mupeza 100,000,000,000,001, imene ndi 29 × 101 × 281 × 121,499,449. Manambala atatu otsatizana, koma palibe prime ngakhale mmodzi amene awiri mwa iwo akugawana.

Manambala awiri otsatizana sangagawane prime, ndipo chifukwa chake n'chosavuta: ngati 7 alowa mu nambala ina, mu yotsatira adzasiya chotsala 1. Pa mfundo imeneyi m'pamene Euclid anaimika umboni wake wakuti ma prime alibe polekezera. Tiyerekeze kuti wina wabwera ndi mndandanda n'kunena kuti ma prime onse ndi amenewa. Achulukitseni onse pamodzi, muonjezere 1. Nambala yatsopanoyo palibe wa pamndandanda amene angaigawe, aliyense adzasiya 1. Ndiye kuti mwina iyo yomwe ndi prime, kapena ili ndi prime wina amene sanalembedwe. Mulimonsemo mndandandawo unali wosakwanira.

Ma prime oyandikana kwambiri ndi 100 thiriliyoni ndi 99,999,999,999,973 kumunsi ndi 100,000,000,000,031 kumtunda. Pakati pawo pali mpata wa 58. Ma prime onse ochepera 100 thiriliyoni anawerengedwa: alipo 3,204,941,750,802. Amanka nachepa pamene manambala akukula. Pa manambala 100 oyambirira, 25 ndi ma prime, kutanthauza mmodzi pa anayi alionse. Kudera la 100 thiriliyoni amakhala pafupifupi mmodzi pa 32 alionse. Lamulo la kachepedwe kameneka Gauss analiona ali mnyamata, ndipo umboni wake unadzabwera mu 1896 kuchokera kwa Jacques Hadamard ndi Charles de la Vallée Poussin, aliyense payekha. Limatiuza kuchuluka kwawo m'dera, koma silitiuza pamene wotsatira ali. Pamenepo, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga munthu amadziwa bwanji kuti 99,999,999,999,973 ndi prime? Njira ya kusukulu ndi kuyesa kuigawa. Simuyesa manambala onse mpaka pamwamba. Popeza oigawa amayenda awiriawiri, mmodzi wa awiriwo sangapose muzu wa sikweya, umene apa uli pafupi ndi 10 miliyoni. Ndiponso simuyesa nambala iliyonse, ma prime okha, amene pansi pa 10 miliyoni alipo 664,579. Ndi pensulo zingadye moyo wa munthu, koma foni ya m'manja imamaliza musanaphethire kawiri.

Zinthu zimavuta madijiti akachuluka. Tengani ma prime awiri, aliyense wa madijiti 300, muwachulukitse. Kompyuta imachita zimenezi nthawi yomweyo. Koma mukapatsa munthu yankho lokha kuti apeze awiri aja, makompyuta onse amene alipo lero sangamalize pa njira zimene zikudziwika. Kusiyana kumeneku, kupita kosavuta koma kubwerera kovuta, n'kumene Ron Rivest, Adi Shamir ndi Leonard Adleman anamangapo njira yobisira uthenga yotchedwa RSA mu 1977, imene yakhala ikuteteza zambiri zodutsa pa intaneti, za mabanki zomwe. Mu 2020 gulu la akatswiri linakwanitsa kuphwanya nambala yotere ya madijiti 250, litagwiritsa ntchito makompyuta ambirimbiri. Kuzindikira kuti nambala ndi prime n'kosavutirapo kusiyana ndi kuiphwanya, n'chifukwa chake mu Okutobala 2024 Luke Durant anatha kupeza prime wa madijiti 41,024,320: ma 2 okwana 136,279,841 ochulukitsidwa pamodzi, kuchotsera 1. Pafupi ndi ameneyo, madijiti athu 15 ndi kadontho.

Pali funso linanso limene limakhudza nambala yathu mwachindunji. Mu 1742 Christian Goldbach, polemberana makalata ndi Leonhard Euler, anayambitsa ganizo lakuti nambala iliyonse yogawika ndi 2 yoposa 2 ingalembedwe ngati ma prime awiri ophatikizidwa: 10 ndi 3 + 7, 100 ndi 3 + 97. Makompyuta ayesa manambala onse otere mpaka 4 wotsatidwa ndi maziro 18, ndipo palibe imene yakana. Choncho pa 100 thiriliyoni tikudziwa kuti zimatheka. Umboni wa manambala onse sunapezekebe.

Kuwirikiza ka 47

Kompyuta siwerenga m'makumi. Imadziwa 0 ndi 1 basi, ndipo malo alionse ndi owirikiza kawiri malo a kumanja kwake: 1, 2, 4, 8, 16. M'kalembedwe kameneko 100 thiriliyoni imatenga malo 47, ndipo 14 omalizira ndi maziro chifukwa cha ma 2 aja. Ena 33 otsalawo ndi chisakanizo cha 0 ndi 1 chimene diso silingaonemo dongosolo.

Nambala 47 imeneyi ndi imene imafotokoza zimene zinatichitikira kuposa maziro onse aja. Yambani ndi 1, muziwirikiza kawiri. Ka 10 mwadutsa 1,000. Ka 20 mwadutsa miliyoni, ka 30 biliyoni, ka 40 thiriliyoni. Ka 46 muli pa 70,368,744,177,664, ndipo ka 47 mwadutsa kale 140 thiriliyoni. Kumbukirani kuti kuwerenga chimodzichimodzi kumafuna zaka 3 miliyoni. Kuwirikiza kumafuna maulendo 47 okha.

Chiwerengero chomaliza chimene boma linatulutsa mu 2008, cha mwezi wa Julayi, chinati mitengo inakwera ndi 231 miliyoni peresenti pachaka. Steve Hanke wa ku Johns Hopkins University anawerengera kuti pakati pa Novembala mitengo inkakwera ndi 79.6 biliyoni peresenti pamwezi, kutanthauza kuti inkawirikiza kawiri pa maola 24.7 alionse. Pa liwiro limenelo, chinthu cha dola imodzi chimafika pa 100 thiriliyoni pasanathe miyezi iwiri. Amayi ogulitsa ku Mbare Musika, msika waukulu wa ku Harare, amene ankakana kusunga ndalama usiku, n'kumathamangira kukaoda katundu tsiku lomwelo, anali atamvetsa masamu amenewa ngakhale sanawalembe pabolodi.

Kudula maziro nakonso ndi masamu a 2 ndi 5. Mu Ogasiti 2006 banki yaikulu inadula maziro 3 pa ndalama zathu, mu Ogasiti 2008 inadula 10, mu Febuluwale 2009 inadula 12. Onse pamodzi 25. Kudula ziro mmodzi ndi kugawa ndi 10, kuchotsa 2 mmodzi ndi 5 mmodzi pa mtengo uliwonse nthawi imodzi. Mtengo wa buledi poyerekeza ndi wa kombi susintha, ndipo liwiro la kuwirikiza silisinthanso. Pepala la 100 thiriliyoni linatuluka maziro 13 atadulidwa kale, ndiye pa dola yoyambirira ya 1980 linali 1 wotsatidwa ndi maziro 27. Patangopita masabata ochepa, atadula 12 enawo, linasanduka madola 100 atsopano: 2 × 2 × 5 × 5. Mu 2015, pamene banki yaikulu inkathetseratu dola yakaleyo, linkasinthidwa ndi masenti 40 a ku America.

Makina nawonso ali ndi malire awo, ndipo nambalayi imawagunda pamalo oonekera. Kalikuleta wamba wa m'thumba amaonetsa madijiti 8, ndiye amathera pa 99,999,999. Wa pakauntala wa madijiti 12 amathera pansi pa thiriliyoni imodzi. Mapulogalamu ambiri akale ankasunga nambala yathunthu m'malo 32, amodzi mwa iwo n'kukhala osonyeza ngati nambalayo ili pamwamba kapena pansi pa ziro, choncho malire ake anali 2,147,483,647. Nambala imeneyi ndi prime, ndipo Euler anatsimikizira zimenezi mu 1772, kalekale makompyuta kulibe. Kuti 100 thiriliyoni isungike bwino pamafunika malo 64, amene malire ake amaposa 9 wotsatidwa ndi maziro 18.

Amene mumasunga mabuku a ndalama pa Microsoft Excel muli ndi malire ena oti muwadziwe. Pulogalamuyi imasunga madijiti 15 okha a nambala iliyonse. 100 thiriliyoni ili pamalire penipeni: madola ake onse amasungika, koma mukaonjezera masenti, madijiti amakhala 17 ndipo awiri omalizirawo amatayika popanda chenjezo. Zomwezi zimachitika mukalemba nambala ya khadi la kubanki ya madijiti 16: dijiti yomaliza imasanduka ziro. Nambala yotere, imene simudzaiphatikiza kapena kuichulukitsa, muziyamba mwaika kachizindikiro ka ' kutsogolo kwake, kuti pulogalamuyo iitenge ngati mawu.